Mbalame Imanyamuka Moyang'ana Mphepo

Anthu ambiri akaona chithunzi cha nkhwazi itatambasula mapiko, nsomba ili m'zikhadabo, amayamba ndi kufunsa kuti kamerayo inagulidwa ndalama zingati. Mtengo wa kamera uli ndi mbali yake ndithu. Komabe pa zaka zimene ndakhala ndikujambula mbalame m'mbali mwa Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, chimene chakometsa zithunzi zanga koposa ndi kuidziwa mbalameyo pamodzi ndi mphepo imene ikuuluka nayo.

Mbalame, makamaka zikuluzikulu, zimanyamuka ndi kutera moyang'ana kumene mphepo ikuchokera, monga momwe ndege ichitira pabwalo lake. Choncho ndikafika pamalo, ndisanatulutse kamera m'chikwama, ndimayamba ndaona kumene bango likuweramira ndi kumene dzuwa lili. Ndimafuna kuti mphepo ndi dzuwa zonse zikhale kumsana kwanga. Zikatero mbalame imabwera chondiyang'ana, liwiro lake litachepa, ndipo kuwala kumagwera pankhope pake ndi kunsi kwa mapiko. Amene anandiphunzitsa kuwerenga mphepo ndi asodzi. Iwo amadziwa mwera wa miyezi yozizira, mpoto wa nyengo yotentha ndi ya mvula, ndiponso vuma wochokera kummawa. Vuma akaomba m'mamawa, ine ndili m'bwato chopenya kumtunda, ndiye kuti mphepo ndi dzuwa zagwirizana, ndipo ntchito ya tsikulo imapepuka.

Za kamera sindizinyoza ayi. Kachitseko kolowetsa kuwala kayenera kutseguka ndi kutsekeka mwachangu kwambiri. Pojambula nkhwazi, imene mapiko ake amatambasuka pafupifupi mamita 2, ndimaika kachitsekoka pa 1/2000 ya sekondi. Kwa anamzeze ndi mbalame zina zing'onozing'ono zokupiza mapiko mofulumira ndimafika pa 1/4000. Mandala a mamilimita 300 kapena 400 amandikwanira. Ndimaikanso kamera kuti izitsatira yokha chinthu choyenda ndi kujambula zithunzi zingapo motsatizana. Zigongono ndimazipanikiza m'nthiti, ndipo ndimatembenuka ndi chiuno chonse motsata mbalame, osaima ngakhale nditadina kale. Dzuwa likafika paliwombo ndimapumula, chifukwa mutu woyera wa nkhwazi umangoti mbuu pachithunzi, nthenga zake osaonekanso, pamene kunsi kwa mapiko kuli bii.

Zonsezi munthu angathe kuziphunzira osapita kutali. Akhwangwala a pamsika, nkhunda za pakhomo ndi akakowa otsata ng'ombe kudambo ndiwo aphunzitsi osalipiritsa. Amene wakhala milungu ingapo akutsata khwangwala ndi kamera, manja ake amazolowera, ndipo maso ake amayamba kuona zizindikiro. Mbalame ikafuna kunyamuka imatembenukira kumphepo, imawerama pang'ono, ndipo kawirikawiri imayamba yadzithandiza. Wojambula woona zimenezi amakhala atakonzeka kale mapiko asanatambasuke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekha kumeneku sikukhudza kukongola kwa chithunzi kokha. Munthu wosaidziwa mbalame amatopa ndi kudikira, ndipo amayamba kuiumiriza kuti iuluke. Ndaonapo anthu akuomba m'manja, kuponya miyala ndi kuthamangitsa boti molunjika pagulu la mbalame kuti apeze chithunzi cha mapiko ambirimbiri m'mwamba. Ku South Luangwa, m'dziko la Zambia, mbalame zofiira zodya njuchi, zimene pa Chingerezi amati carmine bee-eater, zimakumba zisa zake m'magombe a mtsinje wa Luangwa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Imeneyi ndi nyengo yotentha koopsa. Kholo lililonse lothamangitsidwa limasiya mazira kapena anapiye opanda chitetezo, ndipo limataya mphamvu zimene likanasakira chakudya. Chimodzimodzinso mbalame zoikira mazira poyera pamchenga wa m'mitsinje: make akachoka, dzuwa limawotcha mazirawo, ndipo mafunde a boti lothamanga angathe kukokolola chisa chonse.

Chodabwitsa n'chakuti chithunzi cha mbalame yodzidzimutsidwa sichikhalanso chabwino. Mbalame yothawa imakupatsa msana ndi mchira. Chithunzi chimene anthu amachikonda ndi cha mbalame yobwera, diso lake likuwala, ili pantchito yake ya tsiku ndi tsiku. Mbalame zodya njuchi zimakonda kubwerera pa kanthambi komwe zanyamukira, kotero wojambula wokhala phee patali amangolozetsa kamera pakanthambiko n'kudikira. Nkhwazi nayo ili ndi mitengo yake imene imakhalapo tsiku ndi tsiku, ndipo imatsika chotsetsereka kudzatola nsomba yosambira pafupi ndi pamwamba pa madzi.

Ku Cape Maclear, m'dera la Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, anyamata oyendetsa maboti amaimba likhweru n'kuponyera nkhwazi nsomba kuti alendo ajambule. Ambiri amadyetsa mabanja awo ndi ntchito imeneyi. Mnyamata wodziwa kuimika boti lake molingana ndi dzuwa ndi mphepo amapatsa mlendo chithunzi chabwino ndi nsomba imodzi kapena ziwiri, pamene wosadziwa amataya nsomba zambiri mlendo n'kubwerera wokhumudwa. Luso limeneli ndi chuma chimene achinyamata a m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje ali nacho kale, pakuti anakula akuona mbalamezi.

Nkhwazi ili pa mbendera ya Zambia ndiponso pa chizindikiro cha boma la Malawi. Amene tifuna kuijambula ili m'mwamba tiyambe taphunzira kumene imagona, nthawi imene imasaka ndi mphepo imene imanyamuka nayo, kenaka tiisiye iuluke pa nthawi yake.