Kale wodwala ankadzutsidwa ndi dzuwa la pakhonde

Kalekale, m'midzi ya kwa a Mfumu Bundabunda, wodwala sankamulola kuzolowerana ndi mphasa. Thupi likangozizirako, phala n'kuyamba kukhazikika m'mimba, ambuya ankasesa pakhonde m'mamawa n'kuyalapo chikopa. Dzuwa likayamba kufunditsa msana ankalowa m'nyumba n'kugwada pambali pake: "Atate, tiyeni panja mukaotheko dzuwa. Ana akufunsa za inu." Iye akadandaula kuti miyendo yafa, ankaitana anyamata awiri, wina kukhwapa uku wina uko, mpaka kukamukhazika chotsamira chipupa.

Pakhondepo sankangokhala manja lende. Mdzukulu ankabwera ndi lichero la nsawa zoti aswe kapena chimanga choti atong'ole. Akakhala bambo ankamupatsa luzi kuti apote chingwe. Patapita masiku wina ankangoponya mawu akuti ng'ombe yamawanga ija yabereka, ndipo munthu amene dzulo ankati sangaime ankaitanitsa yekha ndodo kuti akaone kathole kake. Lero kukhola, mkuja kunkhokwe, sabata yamawa kudimba. Amene mafupa ankamuphwanya ankamuperekeza kukaviika miyendo ku akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu. Palibe ankatchula za mafizo, koma akuluakulu aja ankadziwa kuti wodwala sadzuka chifukwa chouzidwa. Amadzuka pamene patsogolo pake pali chinthu chimene mtima wake ukuchifuna.

Komabe kaleko maliro anali pafupi. Chibayo, kafumbata, njoka ndi uchembere wovuta zinkatenga anthu amene lero akanapulumuka. Masiku ano wodwala zikamuthina amathamangira naye ku chipatala cha boma ku Chongwe kapena cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya. Zikakanika kumeneko, ambulansi imalowa mumsewu wa Great East kupita ku Lusaka, ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa, chimene chinatsegulidwa mu 2011. Kumeneko kuli zipinda za odwala mwakayakaya, zimene timangoti ICU, momwe makina amapumira munthu mapapo ake akatopa. Zipinda zotere zinayambira ku Copenhagen mu 1953, dokotala Bjørn Ibsen ataona mmene mliri wa poliyo wa 1952 unapululira anthu olephera kupuma. Ambuya analibe mwayi umenewu, ndipo akanauona akanalulutira.

Koma chipatala chinabweranso ndi lamulo lake lakuti: "Gonani, musadzuke." Kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ndi ku America ankagoneka wodwala mtima pabedi masabata 6 osaponda pansi. Mu 1947 dokotala wa ku London, Richard Asher, analemba kuchenjeza anzake kuti bedi nalonso limapha, pakuti limaundanitsa magazi m'miyendo, limadzaza makhololo m'chifuwa ndi kudya khungu la kumsana. Mu 1966 ofufuza a ku Dallas anagoneka anyamata 5 athanzi, a zaka 20, kwa masabata atatu, ndipo mphamvu ya mtima ndi mapapo awo inatsika ndi magawo 27 pa 100. Atawayezanso patatha zaka 30, anapeza kuti ukalamba wa zaka zonsezo sunawafoole monga anachitira masabata atatu aja.

Ku ICU vutoli limakula. Wodwala amakhala atagonekedwa ndi mankhwala, paipi ili kukhosi, dilipi kumkono, nthambo zili mbwee pachifuwa. Magetsi sazima, ndiye usana ndi usiku zimafanana, mpaka ena mutu umasokonekera n'kumaona zinthu zimene palibe. Minofu nayo imasungunuka msanga. Kafukufuku wa ku London wa mu 2013 anapeza kuti mnofu wa pantchafu umachepa ndi magawo pafupifupi 18 pa 100 m'masiku 10 okha. N'chifukwa chake ena amabwerera kumudzi ali moyo ndithu, koma osatha kunyamula kapu ya munkoyo, khasu n'kulitaya chaka chathunthu.

Mu 2009 madokotala a ku Chicago ndi ku Iowa anayesa njira ina pa odwala 104 amene anali pa makina opumira. Onse ankawadzutsa ku mankhwala ogonetsa tsiku lililonse, koma ena ankawayambitsanso mafizo m'masiku oyambirira: kupinda miyendo, kukhala m'mphepete mwa bedi, kuima, kenako kuponda. Mwa amenewa, 59 pa 100 alionse anatuluka m'chipatala akutha kudzisamalira okha, pomwe mwa anzawo aja anali 35 okha. Masiku osokonekera mutu nawo anachepa ndi theka. Nzeru ya pakhonde ija inalowa m'chipatala kudzera m'mabuku a madokotala.

Chimene chinatsalira kumudzi ndi kathole kaja. Wa mafizo akhoza kunena kuti, "Bambo, kwezani mkono kakhumi," koma munthu wa ululu ndi mantha, amene wakhala akuyang'ana denga loyera sabata yonse, amakweza kawiri n'kutembenukira kukhoma. Apa m'pamene ofufuza anatembenukira ku masewera a pakompyuta. Ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore anayamba ndi masewera a Nintendo Wii, ndipo mu 2012 analengeza kuti odwala a ku ICU anawasewera popanda ngozi. Tsopano akuyesa magalasi a virtual reality, kapena kuti VR. Wodwala akawavala, chipinda chija chimachoka m'maso mwake. Amapezeka ali m'munda wa zipatso kapena m'mbali mwa nyanja, ndipo akatembenuza mutu, chithunzi chimatembenuka naye. Timakina timene wagwira m'manja timatsatira mkono wake, kotero kuti akatambasula kuti athyole chipatso, chimathyokadi pamaso pake. Ena amapalasa kanjinga komangirira kumiyendo kwa bedi uku akuona msewu ukuyenda. Amakweza mkono kambirimbiri osawerenga, pakuti maganizo ali pa chipatso. Magalasiwa akugwira ntchito ya lichero la nsawa lija.

Zipangizozi si zachilendo ku Lusaka. Mu 2019 akatswiri a ku UTH, pamodzi ndi anzawo a ku Southern Methodist University ndi ku King's College London, anafalitsa zotsatira za ntchito yophunzitsa madokotala achinyamata opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito magalasi omwewa, ogulidwa m'sitolo za masewera. Ngati anathandiza wophunzira kugwira mpeni, akhoza kuthandizanso wodwala kugwira supuni.

Komatu kuthamanga si kufika. Magalasiwa ena amawachititsa chizungulire ndi nseru, sayenera munthu amene mutu wasokonekera, ndipo amafunika kuwapukuta ndi mankhwala asanavale wina. Kafukufuku wa VR ku ICU wachitika pa magulu ang'onoang'ono, ndipo chimene waonetsa kwambiri n'chakuti odwala amawakonda ndi kulimbikira nawo. Kafukufuku wina wamkulu wa mu 2022, wosakhudza magalasi, wa odwala 750, anaonetsanso kuti kukakamiza mafizo ochuluka mofulumira kwambiri sikunawonjezere masiku a moyo kunja kwa chipatala, koma kunachulukitsa mavuto monga kugunda kosalongosoka kwa mtima. Ambuya nawo sankatulutsa munthu thupi likadali moto. Ankayamba amugwira pamphumi.

Kwa amene adzabweretse magalasiwa pabedi la odwala athu, pempho ndi lakuti muikemo dziko lathu. Mlimi wa ku Bundabunda sangatambasule mkono chifukwa cha chipale cha ku Ulaya. Muonetseni mango akupsa, chimanga chofunika kukolola, ng'ombe zikutsikira ku mtsinje wa Chongwe, ndipo mawu olankhula naye akhale a Chisoli kapena Chinyanja. Achinyamata odziwa kompyuta alipo ku yunivesite ya UNZA, ndipo a mafizo akuphunzitsidwa komweko ndi ku koleji ya Evelyn Hone. Akhale pamodzi apange zimenezi.

Ndipo inu odwazika matenda, amene mumagona pansi kunja kwa wodi, musadikire magalasi. Nthawi yoona odwala ikakwana, funsani anamwino ngati m'bale wanu angayambe kukhala tsonga kapena kugwedeza miyendo. Akalola, mulankhuleni ndi dzina lake, muuzeni tsiku ndi nthawi, muonetseni pafoni adzukulu ake ndi munda wake, mumulole agwire yekha supuni ngakhale phala litayike. Akakana anamwino, mverani, mudzafunsenso mawa. Mumupatse m'bale wanuyo chifukwa chodzukira, monga ankachitira makolo athu.