Za M'bokosi la Citsulo ku Chikwa

M'mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, tinanyamuka ku Lundazi pa galimoto ya katundu ndi kutsetserekera ku cigwa ca Luangwa, kulinga kwa Mfumu Chikwa m'boma la Chama. Mseu ndi wafumbi, ndipo mitsinje imene imatsekereza apaulendo pa dzinja inali mcenga wokhawokha. Kuno ndi kwao kwa Asenga, alimi a mpunga, cimanga ndi thonje, amene amalimbana ndi njobvu m'minda mwao caka ndi caka.

Pa mudzi pamene tinagona tinapeza nkhalamba ina imene pa unyamata wace inagwira nchito ya njanji ku Kabwe. Madzulo, anyamata akumenya mpira wa mapulasitiki pabwalo, mkuluyo anandiitana nati, "Mwana wanga, tabwera uone mpira weniweni." Anaturutsa bokosi la citsulo kunsi kwa kama. M'menemo munali jezi yofwifwa ya cigamba paphewa, nsapato za mpira za cikopa couma gwa, ndi cithunzi ca timu ya m'komboni.

Zinthuzo zinali za malemu mkulu wao, amene anasewera m'timuyo masiku amene Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107 m'caka cimodzi, ca 1972. Awiriwo anali kupitira limodzi kukaonerera Chitalu, ndipo atabwerera ku mudzi anali kumvetsera mau a Dennis Liwewe pa wailesi. Pa 27 April 1993 ndeke imene inanyamula timu ya dziko lathu inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, ndipo anthu onse 30 anafa, pamodzi ndi Chitalu amene anali mphunzitsi wao. Kucokera pamenepo mkuluyo sanalolenso munthu kukhudza bokosilo.

Ndinawauza kuti kumaiko a kutali zinthu zotere ziri ndi osonkhanitsa ace. Ku America kuli masewera a baseball, omenya kampira ndi cibonga, ndipo anthu amafunafuna zibonga, zisoti ndi zobvala zimene akatswiri akale anagwiritsa nchito m'bwalo. Jezi imene Babe Ruth wa New York Yankees anabvala mu 1932 inagulidwa mu August 2024 pa mtengo woposa madola 24 miliyoni. Ya Diego Maradona ya mu 1986 inagulidwa mu 2022 pa mapaundi oposa 7 miliyoni. Koma ogulawo sataya ndalama pa nsalu cabe. Amayamba ayerekeza cobvalaco ndi zithunzi zakale, kuyang'ana mabatani, zilembo ndi masokedwe, kufikira atatsimikiza kuti ndi comweco cimene mwini wace anatulukiramo thukuta. Popanda umboni wotere, mtengo umagwa.

Mkuluyo anaseka, naloza pa cithunzi. Mnyamata wacitatu mwa ogwada kutsogolo anali ndi cigamba paphewa, pamalo pomwepo. "Amai ndiwo anasoka ici," iwo anatero. "Wogula sadzafika kuno, ndipo ngakhale afike sindingagulitse mkulu wanga. Cimene cindisowetsa tulo ndi cina. Mdzukulu wanga afuna nsapatozi akasewerere ku sukulu. Ine ndikadzatsikira kuli cete, jeziyi adzaiyesa nsanza yopukutira njinga."

Mantha ao ndi oona. M'midzi mwathu ciswe, makoswe, moto ndi madenga odontha zimatha zinthu msanga, koma cimene cimayamba kutha ndi mbiri yace. Nsapato yopanda dzina ndi cikopa cabe. Momwemonso uta wa mlenje, ng'oma ya woyimba ndi khasu la wosula: pakasowa wonena mwini wace, zimasanduka nkhuni ndi dzimbiri.

M'mawa mwace tinaitana mdzukuluyo ndi kope lace la ku sukulu. Agogo ace anali kunena m'Cisenga, iye nalemba: dzina la mwini jezi, dzina la timu, komboni imene anakhalamo, ndi maina a pa cithunzi amene anawakumbukira. Maina anai anali ataiwalika kale. Pepalalo analipinda ndi kuliika m'nsapato ya kumanja. Mnyamatayo anafunsa mafunso ambiri, ndipo za kubvala nsapatozo sanazichulenso.

Inu awerengi, m'nyumba zambiri za kuno Kum'mawa muli mabokosi otere, obwera ndi makolo athu kucokera ku migodi, ku njanji ndi ku Harare. Atseguleni eni ace akali moyo. Yanikani zobvala pamthunzi, pakani mafuta pa zikopa, ikani bokosi pamwamba potalikira ciswe, ndipo mwana wodziwa kulemba akhale pafupi ndi agogo ace. Ku Chikwa tinacedwa ndi maina anai. Kwanuko mwina mukali ndi nthawi.