Tinapangana £28

Imelo ija inandipeza m'basi, m'mawa wina wa mu Malichi 2023, ndikuchokera kuntchito yausiku. Inalembedwa mwaulemu ngati kalata yoitanira munthu ku ukwati. Ankandithokoza pokhala kasitomala wawo, kenako n'kundidziwitsa kuti intaneti ya panyumba imene ndinkalipira £28 pamwezi ikhala £32.03 kuyambira mu Epulo. Ndinawerenga kawiri, ndinaseka. Ndinati apa wina wasokoneza, chifukwa panali patangotha miyezi isanu chisainireni kontirakiti ya miyezi 24, ndipo kwa ine kusaina kunkatanthauza kuti tagwirana chanza, nkhani yatha.

Ndinafika ku Nottingham mu Seputembala 2022 kudzachita maphunziro. Tinapeza nyumba ya lendi anthu anayi, ine ndekha Mmalawi, ndipo landilodi ananeneratu kuti za WiFi tionere tokha. Amene anayamba kutsegula akaunti ya ku banki ndinali ine, choncho dzina limene linalembedwa pa kontirakiti linali langa. Tinasankha ya miyezi 24 chifukwa inali yotsikirapo poyerekeza ndi ya miyezi 12. Masamu ake anali okoma: £28 kugawana anayi, aliyense £7. Pa tsamba la kampaniyo, £28 ija inalembedwa m'zilembo zikuluzikulu zoti ungawerenge uli pakhomo. Pansi pake panali tizilembo tina. Sindinatiwerenge, ndipo sindinama kuti ndinayesako. Safunsa anadya phula.

Madzulo a tsiku la imelo lija ndi pamene ndinatsegula kontirakitiyo koyamba. Ndime yake inalipodi. Inkati chaka chilichonse, cha kumayambiriro kwa Epulo, mtengo uzikwera molingana ndi CPI ya mwezi wa Disembala, kuphatikizapo 3.9 peresenti ina pamwamba. CPI ndi muyezo wa mmene mitengo ya zinthu yakwerera m'dziko, ndipo kuno amaulengeza ndi a Office for National Statistics. Wa Disembala 2022 unali 10.5 peresenti. Kuwonjezera 3.9, zikukwana 14.4. Makampani angapo akuluakulu a intaneti ndi mafoni ankagwiritsa ntchito masamu omwewa kapena ofanana nawo, moti si ine ndekha amene ndinadzuka ndi imelo yotere mwezi umenewo.

Tsiku lotsatira ndinawaimbira foni. Ndinadikira mphindi pafupifupi 40 ndikumvera kanyimbo kamodzimodzi, kenako anayankha mayi wina wa mawu ofatsa. Ndinamuuza kuti ndikufuna kuchoka, chifukwa mtengo umene tinapangana wasintha. Anati ndikhoza kuchoka, koma ndilipire kaye ndalama yothetsera kontirakiti nthawi isanakwane. Itawerengedwa, inapitirira £400. Ndinafunsa kuti zingatheke bwanji kuti iwo asinthe mtengo popanda chilango, ine ndikafuna kusintha maganizo ndilangidwe. Anati, mofatsa momwemo, "Zinalembedwa mu kontirakiti imene munavomereza, bambo." Anandifunsanso ngati ndimalandira Universal Credit, chifukwa anthu olandira thandizo la boma ali ndi mitengo yawo yotsika. Viza ya mwana wasukulu wochokera kunja simulola kulandira thandizo limenelo. Khomo limenelo linali lotseka ndisanagogode n'komwe.

Mayiyo sananame. Malamulo a Ofcom, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti ku UK, amati kampani ikakweza mtengo m'njira imene sinalembedwe mu kontirakiti, ikuyenera kukudziwitsa kudakali mwezi wathunthu ndi kukulola kuchoka osalipira kanthu. Koma ikakhala kuti inalemberatu, ndiye kuti unavomera wekha. Yanga inalemberatu. Ndikanatha kudandaula mpaka ku Communications Ombudsman kapena CISAS, omwe amaweruza milandu yotere kwaulere, koma ndikanapita ndi chiyani? Mlandu ndinalibe.

Komabe mpaka lero sindivomera kuti zinali zachilungamo, ndipo apa ndi pamene ndimakangana ndi anzanga ena amene amati vuto linali langa posawerenga. Tinene kuti ndinawerenga. Tinene kuti mu Okutobala 2022 ndinakhala pansi, n'kuwerenga tizilembo tonse mpaka kumapeto. Ndikanadziwa chiyani? Ndikanadziwa kuti mtengo udzakwera ndi nambala imene panthawiyo kunalibe, imene ngakhale a Bank of England ankangoiyerekeza. Kampani ili ndi akatswiri a zachuma olembedwa ntchito yoganizira zimenezi. Ine ndinali ndi foni yong'aluka galasi ndi homuweki yoti ndipereke Lachisanu. Pa awirife, amene anasenzetsedwa nkhawa ya zamawa ndi ine. Ndiye ndikamva munthu akuti "munavomereza", ndimafunsa kuti munthu amavomereza bwanji mtengo umene wogulitsa mwiniwakeyo sakuudziwa.

Taganizani mwakwera basi pa Wenela kupita ku Lilongwe, mwamvana mtengo ndi kondakitala, mwalipira. Mukufika pa Ntcheu akuti mafuta akwera, onjezerani. Mukuti chabwino, nditsitseni pompano ndikwere ina. Akuti tsikani, koma mulipire kaye ya mpaka ku Lilongwe. Kwathu basi imeneyo siingafike pa Dedza anthu asanaukire. Kuno zinalembedwa bwinobwino pa pepala, ndiye timangolipira, ndalama n'kumachoka yokha kudzera pa Direct Debit tili m'tulo.

Sindikunena kuti makampaniwo sanakumane ndi mavuto. Chaka chimenecho magetsi anakwera, malipiro a antchito anakwera, ndipo kukumba misewu n'kumayala mawaya a faiba si ntchito ya ndalama zochepa. Ndikanamvetsa akanati tikweza molingana ndi CPI basi. Koma 3.9 ija yapamwamba ndi imene imandipweteka, chifukwa ikutanthauza kuti ngakhale mitengo ya zinthu ikanaima chilili chaka chonse, wanga ukanakwerabe. Kwathunso mabandulo amakwera, timadandaula pa Facebook sabata yathunthu. Kusiyana kwake n'kwakuti bandulo ikakwera umagula yaing'ono, kapena umasintha simu, kapena umangokhala osagula mpaka zitayenda. Palibe amene amakulipiritsa chifukwa chosiya kugula.

Mwina wina akuti £4 pamwezi n'chiyani. Inenso poyamba ndinachita manyazi kuuza anzanga a m'nyumba kuti aliyense awonjezere paundi imodzi, moti miyezi iwiri yoyamba ndinangolipira ndekha. Koma nkhani siinathere pa £4. Mu Seputembala 2023 anzanga awiri anamaliza maphunziro awo a chaka chimodzi n'kubwerera kwawo, zipinda zawo zinakhala zopanda anthu kwa miyezi iwiri, koma bilu inkabwera yathunthu m'dzina langa. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, paundi imodzi inapitirira K2,000, ndipo kangachepe kamene makolo ankanditumizira pothandizira lendi kanasanduka ka sopo. Viza yanga imandilola kugwira ntchito maola 20 okha pasabata sukulu ikakhala yotsegula, ndiye sungati ndingowonjezera mashifiti. Kenako Epulo 2024 anafika ndi imelo ina yaulemu: CPI ya Disembala 2023 inali 4 peresenti, kuwonjezera 3.9, zikukwana 7.9. Ndipo anaiwerengera pa £32.03, osati pa £28 ija. Bilu inafika £34.56. Nditaphatikiza zonse, pa miyezi 24 ndinalipira pafupifupi £88 kuposa zimene ndinkaganiza tsiku losaina. Ndi usiku wathunthu wonyamula makatoni. Kwathu ndi ndalama yoposa K170,000.

Ndinawafotokozera amayi nkhaniyi pa WhatsApp, makamaka pofuna kuti andimvere chisoni. Sanandimvere. Anafunsa kuti, "Nanga unanenerera?" Ndinati, "Amayi, kuno sanenerera, si mumsika wa Limbe." Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, wogulitsa aliyense ali ndi mtengo wa pakamwa ndi mtengo wa mumtima. Azungu omwewo." Amayi anga ndi munthu amene amatha kuchoka pa benchi ya tomato katatu, wogulitsa n'kuwaitana katatu konse. Ndinakulira pambali pawo ndikunyamula jumbo, ndipo luso limeneli ndimalidziwa. Chimene ndinazindikira tsiku limenelo n'chakuti ndinalisiya pa bwalo la ndege. Kuno ndinkaopa foni. Ndinkaopa kubwerezedwa kawiri chifukwa cha kalankhulidwe kanga, ndinkaopa kuoneka wosauka, ndipo mumtima ndinkakhulupirira kuti mtengo wolembedwa pa kompyuta ndi lamulo.

Ndiye ndinaimbanso mu Epulo 2024, ulendo uno nditalemba papepala mitengo imene kampani yomweyo inkapatsa makasitomala atsopano, yomwe inali yotsika kuposa yanga pa liwiro lomwelo la intaneti. Sindinakalipe. Ndinangofunsa kuti n'chifukwa chiyani mlendo akulipira zochepa kuposa ine amene ndakhala nawo chaka ndi theka osaphonya mwezi. Mnyamata amene anayankha anati akhoza kunditsitsira lero lomwe mpaka £27. Mtima unadumpha. Kenako ndinakumbukira phula lija, ndinafunsa kuti pali zotani pansi pake. Anati ndisaine kontirakiti yatsopano ya miyezi 24, yokhalanso ndi ndime yokweza mtengo chaka ndi chaka. Kunali kundimasula chingwe chotsala miyezi isanu ndi umodzi kuti andimange cha zaka ziwiri. Ndinakana. Titakambirana kwa kanthawi anandichotsera £10 pa bilu ya mwezi umenewo, kuti ndisachoke wokhumudwa. Si zambiri, koma inali nthawi yoyamba kuona kuti nambala ija imasuntha.

Kontirakiti ikamatha, kampani imakakamizidwa ndi Ofcom kukutumizira uthenga wokuuza tsiku lothera ndi mtengo umene uzilipira ukangokhala chete. Wanga unabwera mu Seputembala 2024, ndipo mtengo wa wokhala chete unali wokwera kuposanso £34.56. Mwamwayi mwezi womwewo kunayamba njira yatsopano yotchedwa One Touch Switch: umangolembetsa ku kampani yatsopano, iyo n'kukambirana yokha ndi yakaleyo, iwe osaimbanso foni yotsanzika. Mumsewu mwathu munali mutafika kampani ina yaing'ono ya faiba imene inalemba poyera kuti mtengo wake susintha mpaka kontirakiti itatha. Ndinasaina ya miyezi 12, nditawerenga tizilembo tonse, kawiri. Pamasiku amene ndinkadikira kusinthaku, akale aja anandiimbira okha. Anati £24. Rauta yomweyo, waya womwewo, nyumba yomweyo imene chaka chatha anandiuza kuti palibe chimene angachite.

Kuyambira pa 17 Januwale 2025, Ofcom inaletsa makontirakiti atsopano okweza mtengo potengera CPI kapena maperesenti. Tsopano kampani ikafuna kudzakweza mtengo pakati pa kontirakiti, iyenera kunena musanasaine, m'mapaundi ndi mapeni, komanso kutchula nthawi yake. Izi n'zabwino, ndipo zikanakhalapo mu 2022 bwenzi nditadziwa chimene ndikulowa. Koma musafulumire kuvina. Lamuloli silinaletse kukweza, langoti azinena. Makampani ambiri anasankha £3 pamwezi kapena kuposerapo, mofanana kwa aliyense. Pa kontirakiti ya £25, £3 ndi 12 peresenti. CPI ya Disembala 2024 inali 2.5 peresenti, ndiye pa masamu akale aja mtengo ukanakwera ndi 6.4 peresenti, yomwe ndi £1.60. Amene ali pa intaneti yodula ya £60 sakumva kanthu, koma ife amene timasakasaka yotchipa ndi amene tikusenza gawo lalikulu. Poyamba ankatimenya mumdima, pano akutiuziratu tsiku ndi kukula kwa chibonga.

Mwezi watha kunabwera mtsikana wina wochokera ku Zomba, wangoyamba kumene maphunziro, akufunsa pa gulu lathu la WhatsApp kuti intaneti yotchipa ndi iti. Anthu anamuponyera mayina a makampani ndi mitengo. Ine ndinamuimbira. Ndinamufunsa kuti maphunziro ake ndi a miyezi ingati, lendi ya nyumba wasainira miyezi ingati, ndipo dzina limene lilembedwe pa kontirakiti ndi la ndani. Anati maphunziro ndi a chaka chimodzi, nyumba chaka chimodzi, koma wapeza intaneti yabwino ya miyezi 24, ndipo anzake a m'nyumba amuuza kuti alembetse iyeyo chifukwa ndi amene watsegula kale akaunti ya ku banki. Ndinamuuza kuti asadine kanthu, anditumizire kaye chithunzi cha tizilembo ta pansi tija. Anatumiza. Panalembedwa kuti mtengo udzakwera mu Epulo wamawa, n'kudzakweranso mu Epulo winayo, nthawi imene iye akuti adzakhala atabwerera kale ku Zomba.