KU CHONGWE BWALO LA MPIRA LILIBE CITSEKO

Munthu wocoka ku Lusaka kulowera kum'mawa pa mseu waukulu wa Great East, akangopitirira mphambano ya ku bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, posacedwa amalowa m'dziko la Asoli, m'boma la Chongwe. Nyumba za m'tauni zimayamba kucepa, ndipo m'mbali mwa mseu mumaoneka minda, misika ing'ono-ing'ono ya matimati ndi kandolo, ndi anyamata okankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Kucokera ku Lusaka kufika pa boma peni-peni pali mtunda wa makilomita ngati 45.

Amene ayenda mseu umenewu pa Ciweru kapena pa Sondo masana, kuyambira pamene cimanga calowa m'nkhokwe kufikira mwezi wa Okutobala, nthawi ya mwambo wa Chakwela Makumbi wa kwa Amfumu aakulu a Nkomeshya, amaona cinthu cina cimene sicilembedwa pa zikwangwani. Kuseri kwa sukulu, pafupi ndi chalichi, kapena m'mphepete mwa dambo, mumakwera fumbi lofiira, ndipo pansi pa fumbilo pamakhala khamu la anthu litazungulira bwalo la mpira.

Mabwalo ambiri a m'midzi ya kuno, kaya ndi ca ku Chalimbana kaya ndi kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe, ali ndi maonekedwe amodzi-modzi. Magoli ndi mitengo itatu yodula m'chire. Mizere ya malire amaijambula ndi khasu kapena kuithira phulusa. Palibe mpanda, palibe mipando, palibenso wogulitsa matikiti. Akulu-akulu amabwera ndi timipando tao, ana amakwera m'mitengo, ndipo amai amayala nzimbe, nshawa, zitumbuwa ndi munkoyo pa mthunzi.

Anthu oimirira m'mbaliwa ndiwo eni ace a timu. Ndiwo amachecha udzu mvula ikatha, ndiwo amasonkha ndalama zogulira mpira ndi malaya, ndiponso ndiwo amalipira lole yonyamula anyamata pa tsiku lokasewera kwina. Wosewera akavulala, amamnyamula pa njinga ya mmodzi wa iwo. Pakapanda ocemerera, timu ya kumudzi siingathe caka.

TSIKU LA CIKHO

Boma la Chongwe linaonapo ndi maso kukula kwa cikondi cimeneci. Pa 12 Febuluwale 2012 timu ya dziko lino, Chipolopolo, inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7 ku Libreville ndi kutenga cikho ca Africa. M'mawa mwace, pamene Christopher Katongo ndi anzace anatera ndi cikhoco pa bwalo la ndeke, limene lili m'boma lomwe lino, anthu zikwi-zikwi anadzaza bwalolo ndi mseu wonse wolowera mu Lusaka. Panalibe wowaitana kapena wowalipira.

Acikulire anakumbuka tsiku limenelo za caka ca 1993, pamene ndeke yonyamula timu inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville yemweyo pa 27 Epulo, ndi kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18. Patangopita milungu khumi, timu yatsopano yotsogozedwa ndi Kalusha Bwalya inagonjetsa Morocco 2 kwa 1 pa Independence Stadium, khamu likuicirikiza ndi misozi m'maso.

Kufikira lero okonda mpira a ku Chongwe amakwera mabasi ang'ono kupita ku Lusaka kukaonera Red Arrows pa Nkoloma, Zanaco pa Sunset, kapena masewera ena pa National Heroes Stadium, bwalo limene linatsegulidwa m'caka ca 2014. Kwa mlimi, ulendo wotere umadya ndalama ya basi kupita ndi kubwera, ya pa cipata ndi ya cakudya. Ena amagulitsa nkhuku kuti apezeke kumeneko.

NKHUYU ZODYA ANA

Ku mabwalo a m'tauni kuli lamulo limene mlimi ameneyu ayenera kulidziwa. Malamulo a bungwe la mpira la dziko lonse lapansi, FIFA, amene mabungwe a CAF ndi FAZ amayenderamonso, amanena kuti kalabu imayankha mlandu wa ocemerera ace, ngakhale atsogoleri a kalabuyo sanatume munthu. Wina akaponya mwala kapena botolo, akathyola mipando, akalowa m'bwalo kukamenya lifali, cilango cimagwera timu. Ikhoza kulipitsidwa faindi, kulandidwa mapointi, kutumizidwa kukasewera pa bwalo la kutali, kapena kulamulidwa kusewera zitseko zili zotseka. Akulu anati nkhuyu zodya ana zimapota akulu.

Zilango zotere zinagwerapo maiko athunthu. Mu Okutobala 2012 ku Dakar, anthu a ku Senegal ataona kuti Ivory Coast ikuwagonjetsa 2 kwa 0, anayamba kuponya miyala ndi kuyatsa moto, masewera nalekezera panjira. Bungwe la CAF linacotsa Senegal mu mpikisano wa cikho ca 2013 ndi kutseka bwalolo caka cathunthu. Ku Ulaya, anthu 39 atafa pa bwalo la Heysel ku Brussels m'caka ca 1985, makalabu onse a ku England analetsedwa mipikisano ya ku Ulaya zaka zisanu, ndipo Liverpool inaletsedwa zisanu ndi cimodzi.

Lamuloli lili ndi cifukwa cace, pakuti botolo limodzi likhoza kubala maliro ambiri. Pa 9 Julaye 2000 ku Harare, pa masewera a Zimbabwe ndi South Africa, ena atayamba kuponya mabotolo, apolisi anathira utsi wokhetsa misozi, ndipo anthu 13 anafa popanikizana pothawa. Kuno kwathu, pa 2 Juni 2007, anthu 12 anafa popondana poturuka pa Konkola Stadium ku Chililabombwe, Zambia itagonjetsa Congo 3 kwa 0. Tsiku limenelo linali la cimwemwe, koma linaonetsa kuti khamu likapanikizana pa cipata, imfa imakhala pafupi. Nanga pamene khamulo lili lokwiya?

Komabe kutseka bwalo ndi mankhwala owawa, amene amamwedwa ndi anthu osadwala. Dziko lino linalawa za bwalo lopanda anthu m'caka ca 2020, pamene matenda a Covid-19 anacititsa kuti masewera a ligi acitike popanda oonerera. Mau a osewera ndi a makoci ankamveka ngati m'nyumba yopanda katundu. Makalabu anasowa ndalama za pa cipata, amai ogulitsa zakudya anasowa ogula, ndipo oyendetsa mabasi anasowa okwera. Pamene bwalo latsekedwa cifukwa ca cipongwe, zimenezi zimabwereranso, ndipo woponya mwala uja amakhala phee ku nyumba kwace osalipira kanthu, pamene mlimi wa ku Chongwe, amene sanaponyepo kanthu cibadwire, amabwezedwa pa cipata.

NZERU YA KUMUDZI

Apa ndi pamene mabwalo a fumbi a ku Chongwe ali ndi cophunzitsa mabwalo a simenti. Kumudzinso ndeu imabuka, maka-maka pamene kacasu wafika ku bwalo masewera asanayambe, kapena pamene lifali wakana cigoli dzuwa litapendeka. Koma kumeneko kulibe citseko cotseka, motero palibe anganene kuti masewera a mulungu wa mawa acitike popanda anthu.

Cilango ca kumudzi cimabwera mwa njira ziwiri. Coyamba, mudzi wa ndeu umachuka ndi mbiri yoipa: matimu a midzi ina amakana kubwera, alifali amakana kudzaimbira, ndipo bwalo limamera udzu. Apa mudzi wonse umavutika, monga momwe kalabu imavutikira m'tauni. Caciwiri, ndiponso cacikulu, woyambitsa ndeu amadziwika dzina lace, atate ace ndi amalume ace. Nkhani yace imafika kwa anyakwawa, iye nalipira, napepesa, mwina nauzidwa kuti asaonekenso ku bwalo kufikira mvula itagwa. Popeza ali yense amadziwa kuti colakwa ca mmodzi cidzatseka masewera a onse, anzace omwe ndiwo amayamba kumgwira dzanja mwala usanacoke.

Makalabu a m'tauni sangadziwe munthu ali yense pa khamu la zikwi-zikwi, koma akhoza kuyandikirako. Akhoza kulemba maina a ocemerera m'magulu ao, kusankha akapitao pakati pao, kuletsa mabotolo ndi oledzera pa cipata, ndi kupereka wopalamula m'manja mwa apolisi m'malo momubisa. Lero pafupi-fupi masewera ali onse aakulu amajambulidwa pa kanema ndi pa mafoni, motero nkhope ya woponya mwala siisowa. Kalabu imene yacita zonsezi iyenera kucepetseredwa cilango, ndipo imene imasekerera cipongwe iyenera kulipira mokwanira. Kutseka bwalo kukhale kotsiriza, zina zonse zitakanika.

Kwa makolo a m'midzi nkhaniyi ili pakhomo. Mnyamata amene aphunzira kutukwana lifali pa bwalo la pa sukulu ndi yemweyo adzathyola mpando ku Heroes, ndipo ndalama imene ikanagula nsapato za osewera idzapita ku faindi. Timu ya alendo ikabwera, ipatsidwe madzi, iperekezedwe ku lole yace mwaulemu ngakhale yapambana, ndipo lifali afike kwao ali wamtendere. Mudzi wocita zotere sudzasowa alendo caka ca mawa.