Krabi: kumene alendo anachuluka mpaka boma kutseka gombe

Anthu akamanena za dziko la Thailand, ambiri amathamangira kutchula Bangkok kapena Phuket. Koma kummwera kwa dzikolo, makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Bangkok, kuli chigawo chotchedwa Krabi, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Andaman. Ndinakhalako masiku asanu ndi limodzi, ndipo abale anzanga, pobwerako miyendo inali itafufuma.

Choyamba kukulandirani kumeneko ndi mapiri. Si mapiri okwera pang'onopang'ono ayi. Ndi zimiyala za laimu zoima chilili ngati khoma, zina pakati pa minda ya mitengo ya raba ndi kanjedza wa mafuta, zina zotumphuka m'nyanja mwenimweni, mitengo itakakamira m'mbali mwake. Gombe la Railay si chilumba, koma galimoto sifikako chifukwa zimiyalazi zinatchinga njira. Wofuna kukafikako amakwera boti ku Ao Nang, ulendo wa mphindi 15 basi.

Mabotiwo ndi amatabwa. Kumbuyo amakhazikako injini ya galimoto yokhala ndi chitsulo chachitali cholowa m'madzi, ndipo phokoso lake ndi la chigayo chenicheni. Kutsogolo amamangako nsalu zamitundumitundu ndi maluwa, ati kulemekeza Mae Ya Nang, mzimu wachikazi woteteza boti. Pofika umatsikira m'madzi, nsapato zili m'manja.

Ku Railay anthu amabwerera kukwera miyala ndi zingwe. Ndinayesako theka la tsiku. Wina amagwira chingwe pansi, iwe n'kumafufuza ndi zala pomwe mwala uli ndi kabowo. Ukayang'ana pansi, mtima umangoti phaa! Koma zimene anthu amakambirana kwambiri ndi phanga la Phra Nang, chapafupi pomwepo. Pepani akuluakulu, nkhani ndi nkhani: m'phangamo mwadzaza ziwalo zachimuna zosema pamtengo, zazikulu ndi zazing'ono, zina zopaka utoto wofiira. Asodzi ndiwo amazisiya ngati nsembe kwa mzimu wa mfumukazi ya pamalopo, kupempha ulendo wabwino ndi nsomba zambiri. Alendo amaseka n'kumajambula, eniake amafika ndi lubani mwaulemu wonse.

Kunja kwa tawuni ya Krabi kuli kachisi wa Abuda wa Wat Tham Suea. Dzinalo likunena phanga la kambuku, poti amati kale chilombocho chinkagona m'menemo. Kuti ukafike pamwamba pa phiri pamene pali chifanizo chachikulu cha Buddha chamtundu wa golide, umakwera masitepe 1,260. Ena ndi aatali mpaka m'mabondo. Apusi ali mbwee m'njira, ndipo botolo la madzi ukaligwira motayirira ndi lawo. Nyamukani m'mamawa dzuwa lisanakwiye, muvale zobisa mapewa ndi mawondo. Pamwambapo mphepo yake ndi malipiro okwanira.

Chimene chinandizunguza mutu ine wozolowera nyanja yathu ndi kuphwa ndi kudzaza kwa madzi tsiku ndi tsiku. Pa malo otchedwa Thale Waek, madzi akaphwa pamatuluka msewu wa mchenga woyera wolumikiza tizilumba ta Ko Kai, Ko Tub ndi Ko Mor. Umayenda wapansi kuchoka chilumba china kupita china. Pakapita maola ochepa msewu uja wamira, ngati sunakhaleko.

Tsono nkhani yaikulu ili ku Maya Bay, pa chilumba cha Phi Phi Leh. Kagombe aka n'kakang'ono, kozunguliridwa ndi zimiyala pafupifupi mbali zonse. M'chaka cha 2000 kunatuluka filimu ya The Beach, momwe munali Leonardo DiCaprio, yojambulidwa pomwepa. Kuyambira pamenepo aliyense anafuna kudzaponda mchengawo. Pofika 2018 pankafika anthu pafupifupi 5,000 patsiku. Maboti ankaponya anangula pa makorali, tizamoyo tomwe timamanga zinthu zonga miyala pansi pa nyanja, m'mene nsomba zimaswana ndi kubisala. Makoraliwo anasweka, ambiri anafa, nsomba zinathawa.

Mu June 2018 boma linatseka gombelo. Poyamba anati ndi miyezi inayi yokha, koma linatsegulidwanso mu January 2022. Pa zaka zitatu ndi theka zimenezo akatswiri anabzala makorali ena, ndipo nsomba za shaki zokhala ndi zipsepse zakuda kunsonga zinabwerera kudzaswana. Ndinaziona ndi maso angawa, tiana take tikuyendayenda m'madzi osaya pafupi ndi mapazi a anthu.

Lero malamulo ake ndi okhwima. Boti silowa m'gombemo. Limakutsitsani kuseri kwa chilumba, ku Loh Samah, ndipo mumayenda pa kanjira ka matabwa kudutsa m'nkhalango. Kusambira n'koletsedwa. Ukangolowa m'madzi mopitirira, mlonda wakuimbira kale wezulo. Ena amanyinyirika, ati talipira ndalama zathu. Inde, pamene ndinali kumeneko mlendo wakunja ankalipira ma baht 400 polowa m'paki, mwini dziko 40 yokha. Ine sindinaone cholakwa. Nyanja ndi yawo, ndipo akadzaiwononga alendo, otsala nayo ndi iwowo.

Komabe tisanamizane kuti vuto linatha. Maboti amene aletsedwa ku Maya Bay sanapite kukagona. Amakhotera ku Pileh, dziwe lobiriwira la pachilumba chomwecho, kumene tinapeza maboti atathithikana ngati maminibasi pa depoti, utsi wa injini uli tolotolo, anthu akudumphira m'madzi pakati pake. Ndipo woyendetsa boti simungamuimbe mlandu. Mpunga wa ana ake uli m'matumba mwa alendo omwewo. Boma likatseka gombe limodzi, iye amafuna lina.

Pa chilumba chachikulu cha Phi Phi Don m'pamene pali mahotela ndi mabala. Mudzi wa Tonsai unamangidwa pa kamtunda kopapatiza ka mchenga, nyanja uku, nyanja uku. Pa 26 December 2004 mafunde a tsunami analowa mbali zonse ziwiri nthawi ya m'mawa, n'kusesa nyumba ndi anthu omwe. M'dziko lonse la Thailand munafa anthu oposa 5,000, ambiri mwa iwo alendo. Lero mudziwo unamangidwanso mothithikana, nyimbo zili pokopoko usiku wonse, koma m'makona muli zikwangwani zoloza njira yothawira kuphiri. Ndinatsata njirayo madzulo ena. Ndi yomweyo imene alendo amakwera kukaonera kulowa kwa dzuwa.

Za kudya musadere nkhawa. Anthu ambiri a m'mphepete mwa nyanjayi ndi Asilamu, ndipo amayi ovala mipango amagulitsa nkhuku yokazinga, mpunga womata ndi roti wa nthochi m'mbali mwa msewu. Tsabola yekha muziyamba mwafunsa. Nyengo yabwino yopitira ndi kuyambira November mpaka April. Kuyambira May mpaka October kumagwa mvula yamkuntho, nyanja imalusa, ndipo mukaona mbendera yofiira pagombe musalowe m'madzi. Maya Bay nayo amaitseka mu August ndi September kuti ipumeko.