Mbedza ya Kalaliki

Ndine kalaliki wa boma, ndipo ndikhala m'Chawama pamodzi ndi mkazi wanga ndi ana atatu. Nchito yanga ndiyo kulemba makalata ndi kusunga mafaelo, koma nkhani imene ndifuna kukusimbirani, inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu, ndi ya tsiku limene ndinapita kukawedza nsomba, ndi kubwerako nditacita manyazi.

Pamene ndinali pa sukulu ya mishoni kwathu ku Katete, ndinazolowera kukhulupirira kuti nzeru zonse zikhala m'mabuku. Tsiku lina ku ofesi ndinawerenga za nsomba ya ku North America yochedwa bass. Asodzi a kumeneko amaifuna m'madzi osaya a mitsinje yothira m'nyanja ya mcere, monga Potomac umene upita pa mzinda wa Washington. M'mitsinje yotere madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku cifukwa ca mphamvu ya mwezi. Akakwera, nsomba zilowa m'maudzu kukasaka tinsomba. Akayamba kuphwa, zibwerera m'makwalala akuya, ndipo msodzi wocenjera amazidikira pakhomo pa makwalalawo. Amaziwedza ndi nyambo yonyengezera ya pulasitiki, ndipo ambiri a iwo akagwira nsomba amaibwezera m'madzi. Ici ndinaciseka kwambiri, ndi kunena mumtima kuti ndiwo masewera a anthu okhuta.

Komabe nkhaniyo inandilowa m'mutu. Mwezi utatha ndinagula ndodo ya mbedza yokhala ndi kagudumu kokulungira cingwe, pamodzi ndi kansomba ka pulasitiki, pa mtengo umene ukadagula thumba la ufa. Amai a kunyumba anangoyang'ana katunduyo osanena kanthu, koma ine ndinawalonjeza kuti Loweruka tidzadya nsomba yaiwisi ya dzanja langa.

Malume anga akhala zaka zambiri ku Chanyanya, dooko la asodzi pa mtsinje wa Kafue. Sanapite patali ndi sukulu, ndipo kunena zoona ndinanyamuka ndi maganizo akuti ndikawaphunzitse kawedzedwe katsopano. Kunali kumapeto kwa November. Ndinakwera basi mbandakuca pa mseu wa Kafue, ulendo wa makilomita ngati 45 kufika m'tauni, ndipo kucokera pamenepo ndinapitirira mpaka kudooko.

Atandilonjera ndi kufunsa za ana, malume anatenga ndodo yanga, naitembenuza uku ndi uku, nati, "A Kalaliki, kodi kansomba aka kali ndi minga?" Anthu amene anali pafupi anaseka, inenso ndinaseka nao ngakhale mtima unawawa.

Tisanalowe m'bwato iwo anapita kukaona kamtengo kamene anazika m'matope m'mbali mwa madzi, kokhala ndi timizere tolemba ndi mpeni. Anati madzi atsika ndi zala ziwiri kuyambira dzana. Ine ndinayamba kuwafotokozera za mwezi ndi nyanja ya mcere, koma anandidula mau, nati, "Mphwanga, mwezi wathu kuno ndi zitseko za damu."

Mau amenewa ndi oona. Cigwa ca Kafue ndi dambo lalikuru lathyathyathya, lotalika makilomita oposa 200, ndipo liri pakati pa madamu awiri. Kumunsi kuli damu la Kafue Gorge limene linatha m'caka ca 1971, ndipo kumtunda kuli la Itezhi-Tezhi limene linatha mu 1977 kuti lisunge madzi opangira magetsi. Kale madzi anali kusefukira m'dzinja ndi kuphwa m'cirimwe, ndipo nsomba zinali kutsata nyengozo poswana. Kuyambira pamene madamu anamangidwa, kukwera ndi kutsika kwa madzi kudaliranso pa kutsegula ndi kutseka zitseko. Magetsi amene ndimayatsa m'Chawama ndi kamtengo ka malume ziri pa cingwe cimodzi, ngakhale ine sindinaganizepo cotero.

Tinapalasa kulowa m'thawale losaya, lozingidwa ndi bango, mmene mpondo unali kugunda pansi paliponse. Nsomba imene tinali kufuna ndi nembwe, imene anzathu a ku nyanja ya Malawi aicha tsungwa. Ndiyo ifanana ndi bass m'makhalidwe, pakuti iri ndi kamwa lalikuru ndipo imabisala m'maudzu kudikira tinsomba. Ine ndinaimirira m'bwato ndi kuponya nyambo yanga pakati peni-peni pa thawale, monga ndinaonera pa zithunzi. Ndinaponya kufikira dzuwa litafika pamutu, koma cimene ndinakoka ndi udzu wokha, ndipo kawiri cingwe cinapiringizika kotero kuti malume anacita kucimasula ndi mano.

Iwo sanafulumire. Anayendetsa bwato mwakacetecete kufika pakamwa pa kakhwalala kamene madzi a m'thawale anali kuturukira kunka ku mtsinje. Pamenepo anaponya mbedza yao ya pa nsungwi, ndipo posacedwa anabvuula nembwe ziwiri zonenepa. Ndinazizwa pozindikira kuti cimene ndinawerenga m'buku, cakuti madzi akamatsika udikire nsomba pakhomo pa khwalala, iwo anacidziwa ine ndisanabadwe. Ndinali ndi mau a nzeruyo, koma maso oonera khwalala ndinalibe.

Madzulo ndithu kanthu kanagwira nyambo yanga. Ndinakoka mtima uli m'mwamba, ndipo kanaturuka kanembwe kosaposa cikhato canga. Ndinafuna kukaponya m'bwato, pakuti ndinakumbukira lonjezo langa kunyumba ndi thumba la ufa lija. Malume anandigwira dzanja.

"Kabwezere," anatero. "Sikanaswe nkamodzi komwe."

"Malume, ndithu mufuna kuti ndikafike kwa ana cimanjamanja?"

"Ana ako adzafunanso ndiwo caka ca mawa. Nembwe yaikazi imasunga mazira ndi ana ace m'kamwa kufikira atakhwima. Ukadya aka lero, wadya ndi onse amene kakadafungatira."

Ndinakabwezera, koma mokwiya. Pobwerera kudooko tinapitirira anthu amene anali kukoka khoka losokedwa ndi maneti a udzudzu, limene sililola ngakhale kansomba konga njere ya mpunga kupulumuka. Malume anandiuza kuti usodzi wa pa Kafue walimba. Nsomba yacilendo ya mtundu wa tilapia wa mu Nile, imene inathawa m'maiwe oweteramo nsomba m'zaka za m'ma 1980, yacuruka ndi kusakanizika ndi nsomba za mumtsinjemo. Nkhanu za ku Australia zimene zinalowa pambuyo pace zimadya nsomba zokodwa mu ukonde usiku, msodzi asanafike. Cirala ca 2024 cinaphwetsa mathawale, ndipo ife a m'tauni tinangodandaula za kuzima kwa magetsi. Boma limaletsa usodzi kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane, koma lamulo lolembedwa ku Chilanga, kumene kuli likulu la Dipatimenti ya Nsomba, silingalondere thawale liri lonse.

Ndinayamba kudzudzula anthu a khoka aja ndi mau amphamvu a ku ofesi. Malume anangofunsa kuti, "Nanga tinsomba timeneti amagula ndani?" Ndinakhala cete, pakuti ndinakumbukira timilu ta tinsomba tating'ono pa msika wa Chawama, timene ine mwini ndagula kambiri pakati pa mwezi, cifukwa nditochipa.

Potsazikana anandipatsa nembwe zao zonse ziwiri. Nditafika kunyumba ana anakondwa, nafunsa ngati ndagwira ndine. Ciyeso cinali cacikuru, koma ndinanena zoona, ndipo amai a kunyumba anaseka mpaka misozi. Ndodo ija ikali kuseri kwa citseko.

Sindingakunamizeni kuti kuyambira tsiku limenelo sindinagulenso tinsomba tija. Malipiro a kalaliki amatha mwezi usanathe, ndipo mwana wanjala samva za caka ca mawa. Koma tsopano ndikaima pa msika ndimadziwa cimene ndiri kugula, ndipo m'miyezi itatu yoletsedwa ija timadya nyemba ndi ndiwo zamasamba. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Inu amene mwaturuka m'sukulu ndi masatifiketi, pitani kwa amalume anu amene sadziwa kulemba, mukhale pansi m'bwato, ndipo muyambe mwafunsa za kamtengo kozika m'matope musanatsegule pakamwa kuwaphunzitsa. Ine ndidzabwereranso ku Chanyanya mwezi wa March, ndipo ndidzanyamula nsungwi.