Duwa Lopanda Dothi

Kwathu tinakula tikudziwa kuti mbewu imafuna dothi. Ukaona mizu ili pamtunda umakwirira msanga dzuwa lisanaipsereze. Ndiye musadabwe kuti amayi anga akaliona pa WhatsApp amangoti, "Iwe, duwalo ukulizunziranji? Kulibe dothi ku Leeds'ko?"

Duwalo ndi orchid, mtundu wa Phalaenopsis. Kwawo ndi kunkhalango za ku Philippines ndi Indonesia, komwe limakangamira pamakungwa a mitengo, mizu ili lendelende, kumamwa mvula ndi chinyezi cha mumpweya. Mukalikwirira m'dothi, mizu imaola. Tsono kuno nyengo yozizira ma radiator akayaka, mpweya wa m'nyumba umauma gwaa, pomwe ilo limasangalala chinyezi chikakhala pakati pa 50 ndi 70 peresenti.

N'chifukwa chake langa limakhala m'vazi yagalasi yaitali, yotsegula kukamwa. Pansi pali timiyala ndi timadzi tosafika pamizu. Timadzito tikamauma, chinyezi chimazungulira m'galasimo. Lamlungu lililonse ndimanyika mizu m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 20, kenako n'kukhuthula. Dontho lisatsalire pakati pa masamba, poti kuola kumayambira pomwepo. Galasi silibisa kanthu: mizu ikatuwa ndiye ili ndi ludzu, ikabiriwira yakhuta. Nzeruyi ndi yakale. Mu 1829 dokotala wa ku London, Nathaniel Ward, anaona mbewu zikumera m'botolo lotseka, ndipo mabokosi ake agalasi anadzawolotsa mbewu zambiri panyanja.

Sindinaligule. Linali la agogo ena omwe ndinkawasamala kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito usiku. Atamwalira, mwana wawo anandipatsa maluwa onse atayoyoka kale, patangotsala masamba anayi. Ambiri kuno likafika pamenepo amaliponya m'bini. Ine ndinkakumbukira mmene agogowo ankandituma kulitembenuza kuti liyang'ane kuwindo, ndiye mtima unakana.

Amayi ndinawauza kuti chinaka chija ankatigulira ku Mzuzu chimapangidwa ndi timbatata ta ma orchid a m'dothi, ndipo kuti pa Nyika pali mitundu yoposa 200. Anaseka mpaka kutsokomola. "Basi ukamabwera ubweretse, tidzaphike."

Apa m'pamene pali nkhani. Ma orchid amatetezedwa ndi pangano la CITES, ndipo chomera chamoyo sungangochiponya m'chikwama n'kukwera nacho ndege popanda mapepala. Visa yanga ikutha chaka chamawa, amayi nawo miyendo yayamba kuwavuta. Ndikasankha kubwerera, duwali litsala.

Sabata yatha latulutsa kamphukira kobiriwira, kansonga kophwatalala, kosiyana ndi muzu. Ndi phesi la maluwa limenelo. Pamatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti lichite maluwa. Ndayamba kale kumuphunzitsa mnzanga wa ku Zimbabwe wa chipinda choyandikana nane kuwerenga mtundu wa mizu. Dzulo anandifunsa kuti maluwa ake ndi amtundu wanji. Ndinamuuza kuti oyera, ndipo tidzawaonera limodzi.